Mwana wa Mnzako Ngwako Yemwe, Bola Asadwale

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mu Januwale 2024, kampani ya Trustwave itatula ModSecurity m'manja mwa bungwe la OWASP, ndidaona kuti anthu a makompyuta adangotolapo mbali ya kudya nayeyo.

ModSecurity ndi module, kapulogalamu komatidwa pa seva kuti kazitchinga akuba a pa intaneti. Mwanayu adamubereka ndi Ivan Ristić mu 2002, m'mudzi wa seva ya Apache. Mu 2006 adatengedwa ndi Breach Security. Mu 2010 Trustwave idagula Breach, mwana n'kusamukanso ndi kathumba kake. Pofika 2021 Trustwave nayo idalengeza kuti isiya kulera mu 2024. Makomo anayi, chonsecho mawebusaiti osawerengeka akhala akumutuma usana ndi usiku, ambiri osalipirako ngakhale tambala.

Kubereka module n'kosavuta. Umalemba kodi Loweruka usiku, kuika pa GitHub, anthu n'kukupatsa nyenyezi. Kuchigayo salandira nyenyezi, koma zimenezo tizisiye. Chintchito chimayamba seva ikasintha. Apache 2.4 itatuluka mu 2012, ma module ambiri olembedwera 2.2 adanyanyala mpaka wina atakhala pansi kuwasokanso. Ku seva ya nginx ndiye kulibe tulo: seva ikangokwezedwa, module nayo imangidwenso kuti zigwirizane.

Pamenepo mpomwe achibale amatulukira. Samabwera ndi mankhwala ayi. Amatsegula issue: sikugwira, konzani msanga, abwana akudikira. Ukafunsa kuti seva yawo ndi iti, zii. Pakapita miyezi, kubwera wina kudzalembapo "+1", ngati munthu wofika pachipatala, kusuzumira wodwala, n'kufunsa ngati phala latsalako. Wachitatu ndiye amafunsa ngati mwanayo akadali moyo, kuti akasake wina.

Kuseka ndikuseka, koma zimandiwawa. Wokonzayo nthawi zambiri amachita izi ataweruka kuntchito, ndipo akatopa n'kusiya, bowo lililonse lopezeka m'kodiyo limakhala khomo la akuba pa seva iliyonse yomwe idamata module ija.

Inu a makampani amene mukudya naye, tumizaniko patch, yesaniko kodi ya anzanu isanatuluke, kapena lipirani wokonzayo. Zonsezi zikakukanikani, chonde, podandaula muziikapo log.