Mawondo a akabaza autsa mudyo m'tauni

Mu Lilongwe muno nkhani sizitha. Anyamata ena a kabaza wa njinga zamoto ayamba kuoneka atamanga zotchingira zapulasitiki m'mawondo, m'misongolo ndi m'zigongono, ndipo kuchokera ku Kawale mpaka ku Area 25 aliyense akuikapo mlomo.

Pasiteji ina ku Chinsapo anzawo angowatcha maloboti. Ati munthu akamamaliza kumanga malamba onsewo, kasitomala wakwera kale ya mnzake. Mnyamata wina wovala masilipasi, zala zili pagiya, anadziguguda pachifuwa kuti katswiri sagwa. Mkulu wina wokhalitsa pantchitoyi anangopinda buluku n'kuonetsa chipsera choyambira pabondo kutsika msongolo wonse. "Nanenso ndinali katswiri, achimwene," anatero, "koma galu amene anandidutsa kutsogolo sanauzidwe." Siteji yonse inafa nacho chiseko, ndipo wamasilipasi uja anayamba kufunsa mtengo wa magambutsi.

Kusaluni amayi ali ndi mdani wawo: ekizozi. Chitsulocho chimakhala kumanja panjinga zambiri, ndipo chikakhudza katumba chimasiya chizindikiro chimene iwo akuchitcha chidindo cha kabaza. Atatu anaonetsana zidindo zawo tsitsi lili m'manja mwa oluka, n'kumangirana mfundo yoti kukwera ndi kutsika kuzikhala kwa kumanzere basi.

Pabawo madandaulo ndi kutentha ndi mtengo. "Ndani angavale jekete lachikopa dzuwa la Okutobala?" Wina anayankha akutakata kuti thukuta limatha ndi madzi a m'bafa, pomwe chikhakha chimakhala pamwendo. Fupa la msongolo likathyoka limafuna miyezi itatu kapena kuposa, ndipo nthawi yonseyo mwini njinga amakhala ataipereka kwa wina, ana akudikira ufa.

A kaunjika nawo aona msika. Wina akugulitsa mashinigadi a mpira, akulumbira kuti oteteza ku nsapato ya difenda sangalephere phula. Apa mpofunika kutsegula maso. Zotchingira zenizeni za panjinga zimakhala ndi chizindikiro cha CE ndi nambala EN 1621-1, ndipo zolembedwa Level 2 zimachepetsa mphamvu ya kugunda kuposa za Level 1. Zigwire bwino, chifukwa zokhwepa zimatembenuka pa nthawi yomwe zikufunika.

Pali ena oti chipewa n'chokwanira, popeza ndicho apolisi amafunsa pamsewu. Chipewa ndi mfumu, palibe wotsutsa. Koma munthu akamagwa amatsogoza zikhatho, bondo ndi chigongono n'kutsatira, ndipo phula limasenda khungu mosayang'ana nkhope. Amene anakazondapo wodwala ku chipatala cha mafupa cha LION, chomwe chili pa Kamuzu Central, amabwerako atasiya kuseka maloboti. N'zoona kuti pulasitiki singaimitse minibasi, koma imatha kusandutsa bala lofuna kusokedwa kukhala kusupuka chabe.

Tsono achimwene akabaza, yambani ndi zomwe thumba likulola: magolovesi, nsapato zotseka mpaka muakakolo, jinzi yokhuthala ndi malaya a manja aatali. Zam'mawondo muonjezere tsiku lomwe bizinesi yayenda. Inunso okwera, mukapeza wovala zonse pasiteji, kwerani yake, chifukwa wosamala mawondo ake asamalanso anu.