Bwana, Zatsala Zing'onozing'ono

Mu Blantyre muno nyumba zomwe anthu akugonamo n'zambiri, koma zotha kumanga mungaziwerenge ndi zala. Tayendani ku Machinjiri, ku Chirimba kapena ku Bangwe mudzionere nokha. Apa zenera latsekedwa ndi njerwa zongosanja, apo khonde likudikira denga, kutsidyako zitsulo zatulukira pamwamba pa khoma kuyembekeza nyumba yosanja ya chaka chimene akuchidziwa ndi Mulungu yekha. Eni ake mukawafunsa, yankho ndi limodzi: yatsala finishing'i basi. Inenso tsopano ndine membala wa mpingo umenewu, ndipo tikakumana m'mahadiweya ku Limbe sitifunsana za ana kunyumba. Timangofunsana kuti, "Wanu uja anabwera?"

Yangatu sinali nkhani yomanga. Nyumba inalipo kale, yokalamba koma yaulemu wake. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, ndi amene anasiya mng'alu pakhoma la chipinda cha ana n'kusasula malata a mbali imodzi. Anzathu ku Chilobwe anataya abale ndi nyumba zomwe, choncho za mng'aluwo sitinatsegule pakamwa kudandaula. Tinangoti tipeze mmisiri amate khomalo, akhomerere malatawo, nkhani ithe.

Anabwera munthu wodekha, pensulo kukhutu, tepi m'thumba. Dzina lake ndisunga, poti ndikumufunabe; tingomutcha a fomani. Anauyang'ana mng'alu uja nthawi yaitali, kugogoda khoma ndi chala, kenako anapukusa mutu.

"Achikulire, mng'alu uwu ndi mwana chabe. Amake ali pansi, ku fawundeshoni."

Khoma ligumulidwe. Poti khoma likugumulidwa, bwanji chipindacho chikule pang'ono, ana akulatu awa? Poti chipinda chikukula, bwanji bafa ilowe m'nyumba, mpaka liti kutuluka panja ndi thaulo m'khosi? Ndili mkati movomera zimenezi, mayi a kunyumba anatulukira pakhomo la kukhitchini akupukuta manja pachitenje.

"Abambo, poti fumbi lalowa kale m'nyumba, bwanji matailosi pabalaza pano?"

Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pusi wa nkhani ino mwamudziwa kale.

A fomani analemba zonse m'kope la mwana wanga la masamu: matumba a simenti, matiripi a mchenga, kwale, matabwa, misomali, ndi malipiro awo kumapeto, atadula mzere kawiri. Anandiuzanso kuti njerwa zootcha zinatha fasho, poti chiyambire 2018 boma linaziletsa pa ntchito zomanga za boma ndi nyumba zamalonda, ndiye munthu wamakono ngati ine ndiyenera mabuloko a simenti. Lamulolo silinkakamba za kachipinda ka ana anga, koma mawu akuti munthu wamakono anandikoma. Tinagwirana chanza.

Kenako mu Novembala 2023 Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Thumba la simenti linakhalabe la makilogalamu 50, kulemera kwake paphewa osasintha, koma m'thumba la buluku langa linayamba kulemera kwina. Kope lija la masamu linasanduka la mbiri yakale. M'masiku amenewo ndinaphunziranso za malata, kuti nambala ikamakula lata limapyapyala: geji 28 ndi lochindikala kuposa geji 32. Mtima unkafuna 28, chikwama chinasankha 32 osandifunsa. Lero khwangwala akatera padenga, nyumba yonse timadziwa kuti kwabwera mlendo.

Komabe kunena zoona, kukweza khoma n'kosangalatsa. M'mawa mabuloko ali m'chiuno, madzulo afika pazenera, odutsa n'kumati, "Koma ndiye mukuchitatu bwino, achimwene." Ndalama imaoneka kumene yapita. Unkatha kuima pamsewu n'kuiloza.

Finishing'i ndi nkhani ina. Uko ndalama imalowa m'tinthu tomwe ungatengere m'jumbo imodzi: mahinjesi, maloko, maswitchi, masoketi, mapaipi opindika, guluu wa matailosi, sandipepa, thinala, pati wa magalasi. Umatuluka m'sitolo malipiro a mwezi onse atatsala pakauntala, katundu yense ali m'dzanja limodzi, kondakitala wa minibasi osakulipiritsa n'komwe ya katundu. Ukafika kunyumba, palibe woyamikira. Ndani anayamba waima pamsewu kusirira hinjesi?

Ndiponso pa khoma umalimbana ndi mmisiri mmodzi ndi dagaboyi wake. Pa finishing'i amabwera asanu, ndipo aliyense ntchito yake yoyamba ndi kunyoza amene wangochoka kumene. Kalipentala amati womanga sadziwa kona. Wa matailosi amati wa pulasitala anali ataledzera. Wopenta amati onsewo anaphunzira ntchito pawailesi. Ine, mwini nyumba, ndimangovomera aliyense, kuopa kuti ndikatsutsa anyamula zida zake.

Ntchito ili ndi ndondomeko yake, imene aliyense amaidziwa koma palibe amaitsata. Mapaipi a madzi ndi a mawaya amayenera kulowa m'khoma pulasitala asanapakidwe. Kwathu wa pulasitala anabwera Lolemba n'kusalaza khoma bwinobwino, wamagetsi anabwera Lachisanu ndi tchizulo ndi hamala. Ndinaimirira pakhomo kuonerera simenti yanga ya mtengo watsopano ikugwa pansi zibenthuzibenthu, iye akuimba likhweru. Wa pulasitala anabweranso kudzamata mizereyo, pa mtengo wina, poti imeneyo inali ntchito yatsopano.

Simenti nayo ili ndi ludzu. Imafuna kuthiriridwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake yeniyeni imakwana pa masiku 28. Amisiri zimenezi amakuuza akunyamula chikwama, kutanthauza kuti wothirira ndiwe. Ndiye m'bandakucha, ndisanapite kuntchito, mumandipeza ndi ndowa ndi kapu ndikumwetsa khoma. Gogo wina woyandikana nafe anaima pampanda tsiku lina n'kufunsa, "Kodi mwanawe, chimenecho chikamera tidzadya nawo?"

Khoma likamwa madzi limafunanso nthawi kuti liume, milungu ingapo ndithu, apo ayi penti amatupa n'kuyamba kusupuka. Ife pulasitala womaliza tinamata chiperoni chili pakati, mwezi wa Julaye, pamene ngakhale sokosi imatenga masiku kuti iume pachingwe. Koma apongozi anali atatumiza uthenga kuti akubwera kudzaona nyumba, ndipo wopenta anati zodikirazo n'za m'mabuku. Ndinagula chidebe cha penti cha malita 20. Mnyamatayo anali wodalitsika manja: pofika masana pentiyo anali atakwana zidebe ziwiri, mpopi wapanja ukuchitira umboni. Anapaka nyumba yonse n'kutsalako wina. Mtundu wake pachidebe analemba kirimu. Pakhoma umasintha ndi dzuwa, ndipo madzulo mizere yonse ya wamagetsi imaonekera, moti mlendo angathe kutsatira waya kuchokera pa switchi mpaka kudenga.

Tsopano ndikulowetseni kubafa, kunyada kwa banja lathu. Pansi pa bafa pamayenera kutsetsereka pang'ono kulowera kudzenje lotulukira madzi, kutsetsereka koti diso silingaone koma madzi amakudziwa. Tsiku loyesa tinasonkhana tonse, ine, mayi, ana ndi wa matailosi. Ndinatsegula shawa. Madzi anagwa bwino, anazungulira pang'ono, anafika pafupi ndi dzenje lija, analiyang'ana, n'kutembenuka. Anadutsa pansi pa chitseko mwaulemu, analowa m'kolido, ulendo wa kubalaza. Mwana wamng'ono anawathamangira kutsogolo akukuwa kuti akubwera.

Wa matailosi sanatekeseke. Anatulutsa levulo, kuigoneka pansi, kugwada, kutsinzina diso limodzi.

"Bwana, levulo yanga sinama. Nyumba yanuyi ndi imene yapendekeka."

Ndinafuna kufunsa ngati madziwo angauzidwe zimenezo, koma ndinakumbukira kuti kukhitchini sanamalize. Mpaka lero kusamba kwathu ndi ntchito ya anthu awiri: wina pansi pa shawa, wina pakhomo ndi chikolopa kubweza madzi. Azibusa amene amalangiza mabanja za kuchitira zinthu limodzi abwere adzaphunzire.

Pabalaza matailosi anaperewera. Odziwa amati ugule oonjezera, 10 pa 100 alionse, chifukwa ena amasweka ndipo ena amadulidwa m'makona. Chikwama chija chinali chitakana. Nditabwerera kusitolo ndinapeza dzina lomwelo, katoni yomweyo, chithunzi chomwecho, koma anali ootchedwa ulendo wina kufakitale, ndipo mtundu unasiyana pang'ono. M'sitolo kusiyanako sikuoneka. Pabalaza panu, masana, pamaso pa apongozi, kumaoneka. Tinakokerapo sofa wamkulu. Sofa ameneyo sasunthidwa, ngakhale pa Khirisimasi.

Za magetsi ndinene mwachidule. Wolumikiza mawaya m'nyumba amayenera kukhala ndi chiphaso cha MERA. Wanga nditamufunsa anati chiphaso chilipo, chili ndi achimwene ake. Ntchito inakaunikidwanso ndi wachiphaso weniweni, amene anandilipiritsa kuti nyumba isapse, koma anati zoti switchi ya pabalaza ikuyatsa kukhitchini si zoopsa, n'zongozolowera. Tinazolowera. Mlendo akafuna kuwala pabalaza timamutuma kukolido.

Nthawi yonseyi a fomani ankanena mawu amodzimodzi, akusisita m'manja: "Bwana, ntchito yatha iyi. Zatsala zing'onozing'ono." Tsiku lina anabwera m'mamawa nkhope ili gwa, chipewa m'manja. Kumudzi kwagwa zovuta, amalume atisiya, thiransipoti palibe, bokosi palibe. Munthu wobadwa kwa mayi sangakane pa maliro. Ndinatumiza pafoni ndalama yonse yotsala, ndi kapepeso pamwamba. Iwo anandisiyira wilibala ngati chikole, kuti ndidziwe kuti Lolemba ali pano.

Kuyambira tsiku limenelo mipando inasinthana. Pamene ndalama inali m'thumba mwanga, bwana ndinali ine, foni inkalira yanga. Itangochoka, woimba ndine, ndipo ndinadzimva ndekha ndikunena kuti, "Pepani bwana, ndakusokonezani, kaya mungapezeko kampata sabata ino?" Mayankho ake ndawaloweza. Ndili m'njira. Ndili pa Kameza, minibasi ikudzaza. Foni inathera moto. Minibasi ya pa Kameza imeneyo iyenera kuti ndi yaikulu kuposa sitima, poti mvula inagwa n'kusiya ikudzazabe. Ndinadzamva kuti ali pa ntchito ina yaikulu kutsidya kwa tauni, akukweza makoma, gawo lokoma lija, kwa munthu wina amene panopa akutchedwa achikulire. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa mapanga awiri a fomani wovumbwa ndine.

Wilibala ija anabwera kudzaitenga gogo woyandikana nafe. Inali yawo.

Alamu anga amagwira ntchito kwa makontirakitala akuluakulu, ndipo nzeru zawo zimafika nthawi zonse ntchito itaonongeka kale. Anakhala pa sofa wosasuntha uja n'kundifotokozera kuti pa ntchito zenizeni mwini nyumba salipira zonse. Amasungako 5 kapena 10 peresenti, ndipo gawo lina la ndalamayo limatuluka patapita miyezi 6 kapena chaka, womanga atabwera kudzakonza zonse zimene zaonekera: chitseko chokana kutsekeka, mpopi wodontha, penti wosupuka. Ntchito isanalandiridwe amayendera chipinda ndi chipinda ndi pepala m'manja, kulemba cholakwika chilichonse. Ndinawauza kuti mawu ofanana ndi amenewo ndinayesapo kuwatchula pachiyambi, ndipo a fomani anaseka mpaka kugwira pamimba: "Achikulire, zimenezo n'za makontirakitala a mataye. Ife ndi inu ndi pachibale." Alamu anangopempha madzi akumwa, n'kukayatsa kukhitchini asakufuna.

Pepala loyendera nyumbalo lilipo kwathu, analemba ndi mayi, kumapeto kwa kope lomwe lija. Fisha bodi ya kumbuyo sinakhomedwe. Siling'i ya m'kolido ili ndi bowo lolowera kudenga lopanda chivundikiro, ndipo makoswe amalitenga ngati khomo lalikulu. Chitseko cha ana chimatsekedwa ndi msomali wopinda. Zenera la kukhitchini lili ndi galasi m'munsi, katoni m'mwamba. Matabwa a denga latsopano sanapakidwe mankhwala, ndipo chiswe chatumiza kale akazitape. Mayi amawerenga mndandandawu mokweza Loweruka lililonse, chifukwa ndalama ya matailosi anaitenga ku banki mkhonde, ndipo amene amakaonana ndi amayi anzawo sabata ndi sabata ndi iwo.

"Abambo, kugulu kuja sitibweza ngongole ndi mawu akuti zatsala zing'onozing'ono."

Choopsa kwambiri n'chakuti diso limazolowera. Mwezi woyamba katoni ya pazenera inkandipweteka mtima. Pano ndikaiona ndimangoganiza kuti yafunika kusinthidwa, ndipeze ina yolimbirapo mvula isanayambe. Msomali wopinda uja ana amaudziwa kuposa loko. Kukhala m'nyumba ntchito isanathe ndiko kumaliza ntchitoyo, chifukwa palibenso chokuthamangitsa: denga lilipo, nsima ikupsa, tulo tikubwera. Ndi mmene anzanga a mpingo uja anafikira zaka khumi akunena za finishing'i, nkhope zawo zili zowala bwino.

Ndiye a fomani, ngati nyuzipepala ino yakupezani, kaya mwakulungiramo misomali, bwerani. Sindikalipa, za amalume aja sindifunsa, ngakhale ndinawaona pamsika wa Limbe akugula nsomba. Nkhuku ndikuphera, thiransipoti ndibweza. Ndipo inu abale ndi anansi amene mwakhala mukufunsa tsiku lodzaona nyumba, bwerani Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, koma mudzere khomo la kumbuyo. Lakutsogolo loko ndi watsopano, makiyi ake onse atatu ali m'thumba mwa kalipentala.