Mota alibe mlandu

Kabodi kamagetsi kosakwana chikhatho changa akuti mtengo wake ukuposa ndalama zimene ndinagulira makina onse. Akutinso ndilipiriretu, kenako ndidikire kuti kachokere ku Johannesburg, ngati kaliko. Ndinamufunsa mnyamata wogulitsa masipeya ngati mkati mwake muli golide. Anati, "Ayi madala, muli forex." Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse m'dziko muno chili ndi forex mkati, ngakhale bonongwe womera yekha kuseri kwa bafa.

Ndikudziwa, mukufunsa kuti munthu ngati ine ndikutani ndi makina otsukira mbale. Abale anga anafunsa kale, ena mpaka anakafunsira kwina. Ndinawagula kwa mzungu wina wogwira ntchito kubungwe, amene ankagulitsa katundu pobwerera kwawo. Mayi a kunyumba anandituma mipando. Atandiona ndikutsitsa chibokosi choyera pa lole, anangofunsa funso limodzi: "Inu, zimenezi zitsuka mphika wa nsima?"

Sizitsuka. Mayi amene anayambitsa makinawa, Josephine Cochrane wa ku Illinois, analandira chiphaso cha luso lake mu 1886, ndipo chinkamuwawa n'chakuti antchito ake ankabenthula mbale zake zamtengo wapatali potsuka. Nkhoko sanazionepo. Ndiye kwathu makina amatsuka makapu ndi masipuni, n'kumandipatsa ulemu alendo akabwera, pomwe mapoto akukwechedwa panja ndi phulusa monga mwa masiku onse.

Tsono makinawo anangoima. Madzi akulowa bwinobwino, kenako zii. Kutsogolo kukuphethira chilembo ndi manambala, buku lomasulira manambalawo linapita ndi mwini wake. Monga mutu wa banja ndinachita zimene atsogoleri amachita zinthu zikavuta: ndinakhazikitsa komiti yofufuza, wapampando ndine ndemwe. Aneba anapereka umboni kuti mota wafa. Alamu anga, amene makinawo sanawaonepo, anavomereza pafoni ali ku Kasungu. Kwathu kuno ntchito ikaima sitivutika kupeza wolakwa, timangoyang'ana amene ali pansi kwambiri. Pa nthawi yonse ya kafukufuku ine ndinali wogwirizira udindo wa makina pa sinki, popanda alawansi.

Mboni yomaliza inali mmisiri wa ku Ndirande, wokonza mawailesi ndi mafuriji, amene anabwera ndi kachikwama ndi mita yoyezera magetsi. Atamva chigamulo cha komiti anaseka. "Madala, izi ndi ofesi. Simungachotse munthu ntchito musanaone ngati anatumidwa."

Ndipo ndi ofesidi. Pansi, kumatope, kuli antchito: vavu yolowetsa madzi, chotenthetsa madzi, pampu yotaya madzi akuda, ndi mota wamkulu amene amakankha madzi kuti mikono yopopera ija izizungulira. Pamwamba, pouma, pali bodi. Ameneyo ndiye bwana. Sanyowa, sanyamula kanthu, ntchito yake n'kunena kuti uje yamba, uje leka.

Mmisiri anayamba wazula pulagi, kenako n'kukhetsa mphamvu yotsalira mu kapasita. Akuti kanthu kameneka kamasunga chakukhosi, kakhoza kukumenya magetsi atazima kale. Anachotsa sefa, n'kupezamo fupa la nkhuku ndi mbewu ya mandimu. Komiti inadzuka kuti mlandu watha. Iye anati ayi, zimenezi ndi zinyalala chabe za m'kabati ya kalaliki, sizinatseke njira. Anapisa chala n'kuzunguza timapiko ta pampu, tinazungulira mosavuta. Anaika mita pa mawaya a mota: koyilo sinaduke, sinakhudzenso chitsulo cha kunja. Anayeza kapasita, amene ntchito yake n'kumukankha mota kuti adzuke. Akafooka ameneyu mota amangong'ung'udza osazungulira, koma wathu anali wamphamvu zake. Pomaliza anamupatsa mota magetsi mwachindunji, osadzera kwa bwana. Abale, anathamanga! Wantchito wathanzi, wofuna ntchito, amene komiti yanga inali itamugulira kale bokosi.

Atabwezera zonse anayatsa makina, n'kudikira kuti nthawi yotsuka ikwane, mita ili pa mawaya opita kwa mota. Pamayenera kufika mavolti 230. Panafika ziro.

"Mwaona madala? Bwana sanasaine."

Ndinafunsa ngati bwana ali kunyanja ku msonkhano. Anati titsegule ofesi tione. Titamasula chivundikiro munatuluka mphemvu, zazikulu ndi zazing'ono, banja lonse. Zimakonda bodi chifukwa pamakhala pofunda. Palibe amene anaziitana ku intavyu, palibe ntchito imene zimagwira, koma zinali ndi malo abwino kuposa mota amene amagona m'madzi. Ndinavula chipewa, poti mwina ndi abale a bwana.

Bwana mwini, kachipu kakuda kokhala pakati, anali bwinobwino. Amalamula ndithu, kungoti mawu ake ndi aang'ono, mavolti ochepa, sangadzutse mota. Pakati pa awiriwa pali mesenjala, kanthu ka miyendo itatu kotchedwa triac. Bwana akakanong'oneza pa mwendo umodzi, iko kamatsegula njira kuti magetsi aakulu adutse pa miyendo iwiri inayo. M'makina ena ntchito imeneyi amagwira ndi relay, amene amamveka kuti thapu akamatsegula. Triac akapsa n'kumatirira, mota amathamanga osaima, ngakhale bwana akuwe. Akapsa n'kuduka, mota samva kanthu. Wathu anali atang'aluka, pambali pake bodi itada ndi mwaye. Mmisiri anati kawirikawiri zimachitika magetsi akazima n'kubwera mwaukali, kapena chinyezi ndi ndowe za abale aja zikalumikiza njira zosayenera kukumana. Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Bwana wathuyu anailewa, inagwera mesenjala.

Anatulutsa chitini cha tizidutswa togwetsa m'mabodi akufa, n'kusankha triac wa manambala ofanana, wochokera m'makina ochapira zovala. Anasungunula mtovu, kuchotsa wakufayo, kupala mwaye, kulumikiza kanjira kamene kanapsa, n'kuwotcherera watsopano. Asanatseke anayezanso mota kachiwiri, poti mota wodwala ndi amenenso amapha mesenjala, ndipo ukapanda kuona umangoika wina kuti akafe. Mtengo wa kachidutswako sunafike pa mbale ya chipisi. Makina analira, madzi anawaza, mayi a kunyumba anati, "Chabwino, koma mphika uli panja."

Apa ndisiye kaye nthabwala. Opanga makinawa amadziwa kuti chimene chimafa ndi kanthu kotchipa, koma amagulitsa bodi yathunthu, chithunzi cha mawaya ake osachitulutsa, ndipo mabodi ena amawathira utomoni wouma kuti chowotcherera chisafikepo. Ku Ulaya anthu anadandaula mpaka mu 2021 mayiko a European Union ndi Britain anaika malamulo okakamiza opanga kusunga masipeya a makina otere kwa zaka zosachepera 7, ndi kupereka malangizo okonzera kwa amisiri. Ife timalandira makina awo akatopa nawo, malamulowo amatsala komweko. Amene amatipulumutsa ndi munthu wokhala m'kashedi ka malata, amene amawerenga bodi ndi maso popanda buku. Ndipo ndife tomwe amene m'sitolo timalipira mtengo wa madola chamumtima, koma kwa iyeyu timanenerera mpaka thukuta, ati chifukwa "wangowotcherera pang'ono". Zimandinyansa. Ndinamulipira zimene ananena, ndipo wapampando sanapemphe kuchotserako.

Komiti yamaliza ntchito yake. Yalangiza kuti pagulidwe fridge guard woteteza ofesi magetsi akamabwera, ndalama zikapezeka m'chaka cha mawa. Mota wabwerera pantchito, ndipo sanapepesedwe chifukwa ndondomeko yopepesera kulibe. Mesenjala wakufa tinamutaya kudzala popanda mwambo. Bwana akupitiriza udindo wake. Mphemvu sizinachotsedwe ntchito, zangosamutsidwira kulikulu, kuseri kwa furiji, kumene zikudikira kupatsidwa maudindo ena. Lipoti lonse lidzatulutsidwa nthawi yake ikakwana, alamu anga akadzasaina.