Tcheni sichitukwanidwa, chimayezedwa

Adzukulu anga, ikani kaye mafoniwo pansi. Iwe wa thalauzi long'ambidwa dala m'mawondowe, nawenso sendera kuno. Sindinakuitanireni nkhani ya ng'ombe za lobola kapena ya malire a munda. Iyi ndi yaikulu kuposa pamenepo: mukuzunza matcheni a njinga, ndipo ine sekuru wanu sindingapite kumanda ndili chete.

Ndakhala ndikukuonani kuyambira pa Boma mpaka pa Jenda. Mnyamata wadzitho ndithu, wamanga dengu la tomato ndi thumba la anyezi pakeliyala, tcheni chikulira kwiii kwiii mpaka agalu kuuwa, mwiniwake ali mahedifoni kukhutu. Chikavuka pachitunda amatsika, kuchitukwana, n'kuchibwezera ndi kamtengo poopa kuda m'manja. Kuda m'manja! Anzanga amene ankabwera ndi Humber kapena Raleigh kuchokera kumigodi ya ku Joni, Wenela isanaimitsidwe mu 1974, njinga ankaigoneka m'nyumba, anyamata n'kumagona kumphala. Inu achimwene anu akakutumizirani ya magiya kuchokera ku Joni komweko, dzinja limodzi silitha, yapachikidwa kale pankhokwe.

Mlandu wanu woyamba ndi kudula mwachisawawa. Tcheni chikayamba kulendewera mumathamangira kuchotsa mfundo, ati chatamuka. Chitsulo chingatamuke ndi timiyendo tanuto? Chimene chimachitika n'chakuti mchenga umalowa m'mfundo n'kumadya timapini pang'onopang'ono, mpata n'kumakula. Mukachifupikitsa, kulendewera kumatha koma matenda ali pomwepo. Chimapitiriza kudya mano a filiwilo ndi a giya yakutsogolo mpaka asongoke ngati minga ya mthethe. Tsiku limene mudzagule chatsopano chidzangolumpha pamano akuthawo, ndipo mudzagula zinthu zitatu m'malo mwa chimodzi.

Tengani lula ya kusukulu ija, imene sinakuthandizeni pa masamu, ithandizeko pano. Pa tcheni cha njinga yakapalasa, kuchoka pa kapini kena kufika pa kotsatira ndi theka la inchi. Ikani chiyambi cha lula pakati pa kapini, tcheni chili chokungika, muwerenge timapini 24 kupita kutsogolo. Komalizako kagwere ndendende pa mainchi 12. Kakapitirira ndi mamilimita 1.5, kagulenitu china. Kakafika 3, konzekerani kugulanso filiwilo. Ngati lula munagulitsa, kokani tcheni ndi zala kutsogolo kwa giya yaikulu. Mukaona kuwala pansi pake, chatha ntchito.

Mlandu wachiwiri ndi kugula osafunsa. Mumangofika pashopu, “Ndipatseni tcheni,” maso ali pa Facebook. Safunsa anadya phula. Njinga yopanda magiya, monga za kabaza zambiri, imafuna tcheni chachikulu cha 1/8 ya inchi. Ya magiya imafuna chopyapyala, cha 3/32 kapena kucheperapo. Chachikulu chimapanikizika pakati pa magiya, chopyapyala chimakana kukhala pamano aakulu. Nyamulani chakalecho muonetse wogulitsa. Manyazi mukachite pa zina.

Tsono tcherani khutu, pakuti apa ndi pamene pamaoneka mwana woleredwa. Tcheni chatsopano chimabwera chachitali dala. Ngati njinga ndi yopanda magiya, masulani manati a tayala lakumbuyo, mulikankhire kutsogolo. Zungulizani tcheni pamano akutsogolo ndi akumbuyo, mukumanitse nsonga zake, muone pamene zikugwirizana. Nsonga zonse ziwiri zikhale za mfundo yopapatiza, yamkati, kuti cholumikizira chilowe. N'chifukwa chake mfundo zimachoka ziwiriziwiri, yamkati ndi yakunja. Yezani kawiri musanagwire hamala. Kenaka ikani nati pamwala wosalala, gonekani tcheni kuti kapini kayang'ane pabowo la natiyo, khazikani msomali wodula nsonga pamwamba pake, ndi kugogoda modekha: kho, kho, kho. Osati kumenya mokhala ngati mwakwiyira munthu amene anakulandani chibwenzi.

Pa cholumikizira pamakhala kachitsulo kamphanda kotsekera. Mbali yake yotseka iyang'ane kumene tcheni chikupita mukamapalasa. Mukakatembenuza, kadzakodwa n'kuthothoka, ndipo mudzakafunafuna mumchenga mpaka dzuwa kulowa, tomato akuphwanyika m'dengu. Mukalumikiza, kokerani tayala kumbuyo, likhale pakatikati, mumange manati. Dinani tcheni pakati ndi chala: chizisewera pafupifupi sentimita imodzi. Zungulizani mapedulo muyesenso malo angapo, chifukwa pena chimathina kuposa pena. Chothinitsa chimadya zipolopolo za m'habu, cholekerera chimavuka. Mfundo ina ikauma, ipindeni pang'ono uku ndi uku ndi manja, imasuka.

Mlandu womaliza ndi umene umandisowetsa tulo. Mafuta ophikira akumachepa m'botolo la amayi anu, ndipo tcheni chikununkha mandasi. Ena mumakapempha oyilo wakuda wotsala m'injini n'kuthira mpaka kudontha m'masipoko. Ndiye muyende nacho pafumbi la ku Embangweni ndi ku Edingeni mu Okutobala, muone phala limene limapangika. Phala limenelo ndi lomwe limapera timapini. Tsukani ndi palafini ndi mswachi wakutha, chiume, mudontheze oyilo woyera kadontho kamodzi pamfundo iliyonse, muzungulize, kenaka mupukute kunja konse ndi kansanza. Oyilo amagwira ntchito mkati. Wotsala kunja amangoitana fumbi. Mukaoloka matope nthawi ya mvula, chitaninso chimodzimodzi tsiku lomwelo, dzimbiri lisanalowe.

Ndikuona ena mukuseka, mukuti mudzagula njinga yamoto. Nayonso ili ndi tcheni, adzukulu anga, ndipo chake chikavuka muli paliwiro, nkhani yake imakathera kuchipatala.

Chigamulo changa nachi. Loweruka m'mawa, nkhuku zikangotsika, aliyense abwere ndi njinga yake pansi pa mtengo wa mango uwu, atenge lula, sipanala ndi kansanza. Ndidzayendera ndekha mfundo ndi mfundo. Amene adzapezeke ndi m'manja moyera sadzamwa tiyi. Wojomba asadzabwere kudzandibwereka yanga popita ku Umthetho ku Hora mu Ogasiti. Ameneyo adzapita wapansi.