Mako ndi mako, nanga injini?

Mwambi uja wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo wapeza ganyu ku Chintheche, ndipo amene aulemba ganyuyo ndi malume anga. Iwowa ali ndi Toyota HiAce yamakedzana imene anagula kwa azungu oyendayenda omwe anafika nayo ku Kande atatopa nayo. M'kati mwake mulibe mipando ya minibasi. Muli bedi, kakabati, ndi kasinki kamene sikanalawepo madzi chigulireni. Mwezi wathawu injini inanoka pamsewu wa M5, pakati pa mitengo ya labala ya ku Vizara, moti anyamata ogulitsa mipira aja ndi amene anaikankhira pambali.

Makaniko atatsegula anangopukusa mutu. Gasiketi yapsa, madzi alowa mu oyilo, maring'i atha, mutu wa injini wapindika ndi moto. Anati asankhe: kuitsitsa n'kupita nayo ku Mzuzu akaibowe, akapale mutu, agule mapisitoni ena, kapena kungogula ina ya ku Japan, zija zimatsikira pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe.

"Ada, iyi yatopa. Ingogulani ina," anatero makanikoyo.

"Mako ndi mako," anayankha malume, nkhani n'kuthera pomwepo.

Komatu akuluakulu aja ananena za mwendo. Mwendo wa galimoto ndi tayala, ndipo tayala malume amasintha popanda kugwetsa msozi. Za mayi wodwala mtima mwambiwo sunanenepo kanthu.

Tiyeni tiipatse mpata nkhani yawo. Injini ya ku Japan ndi mayi wopeza. Ogulitsa amaitcha yatsopano, chonsecho inalera kale ana a eni ake kutsidya kwa nyanja. Yayenda mtunda wautali bwanji? Palibe akudziwa, chifukwa chowerengera makilomita chinatsala m'galimoto imene anaichotsamo. Aipukuta, aiwaza mafuta kuti inyezimire, ndipo wogulitsa aliyense amalumbira kuti mwini wake anali nkhalamba yongopita kutchalitchi. Ukabwera naye mayiyu pakhomo, pamafunikanso kukamulembetsa kuboma, poti nambala ya injini imene ili m'bulu buku ndi ya malemu. Pomwe yakaleyi malume amaidziwa ngakhale kutsokomola kwake. Amadziwa kuti m'mawa wa mu Juni imafuna kunyengerera, kuti pa Mpamba ayime aone oyilo, kuti pachitunda chokwera ku Mzuzu asamayankhulitsidwe.

Ine ndinawakumbutsa za panyanja pomwepa. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Anaisinthapo mainjini, koma ikakocheza pa Usisya, kumene msewu wake ndi wa olimba mtima, palibe amene amafunsa ngati ili Ilala yomwe ija. Anthu amangokweza matumba awo. Sitima ya Chauncy Maples inayamba ndi injini ya nkhuni mu 1901, anaiika ya dizilo mu 1967, dzina osasintha. Malume anamvetsera bwinobwino, kenako anati sitima zili ndi owerengera ndalama pomwe iwo ali ndi azakhali anu basi.

Apatu ananena zoona, kuposa mwambi wawo uja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Injini ya ku Japan imagulidwa ndi dola. Pisitoni nayo ndi dola, kungoti pisitoni utha kugula lero, gasiketi mwezi wamawa ukagulitsa usipa, pomwe injini imafuna ndalama yonse tsiku limodzi. Ambirife timakakamira zakale chifukwa thumba silikulola, ndipo n'chamanyazi kunena zimenezo pamaso pa makaniko ndi anyamata ake. Mwambi umakupulumutsa: umachoka pagalaja ukuoneka munthu wolemekeza makolo.

Maganizo anga ndi akuti akonze, bola thupi la injini lisapezeke losweka. Koma pali mlandu umene mwambiwu sungawaombole. Injini siipsa yokha. Rediyeta ya galimoto imeneyi yakhala ikudontha kuyambira kalekale, ndipo mankhwala a malume anali chigubu cha madzi a m'nyanja, mchenga ndi zonse. Kasingano koonetsa kutentha kanafa, iwo n'kumati kamangowaopseza chabe. Mwana amene amaona mayi ake akutentha thupi chaka chonse, iye n'kumangowathira madzi, sayenera kukhala woyamba kutchula miyambi pamaliro.

Panopa injini ili ku Mzuzu, ndipo azakhali alanda galimoto yonse kuti azisungiramo ufa wa kondowole, ati ndi malo okhawo pakhomopo amene mbuzi sizilowa. Makaniko walemba mndandanda wa zogula, rediyeta waiika pamwamba penipeni. Malume atenga cholembera n'kuikhwatcha.

"Imene ija ndi yabwinobwino," akutero. "Imangofuna madzi."