Mlandu wa Botolo la Chiponde

M'tauni muno mulibe wakuba. Muli anthu ongotengerako nzeru basi. Telala akaona diresi pa Facebook n'kulisoka chimodzimodzi mpaka mabatani, amati wangoonera. Wometa akapachika nkhope ya Will Smith pakhomo la babashopu ngati anamumeta dzulo madzulo, amati akukongoletsa malo. Minibasi yolembedwa Fly Emirates uku ndi uku imakathera ku Bangwe, ndipo palibe wokwera amene anafunsapo za Dubai. Tonse timadutsa, timaseka, timagula. Wakuba amatulukira tsiku limodzi lokha, tsiku limene chotengedwacho chili chako.

Tsiku lotero linawagwera mayi wina wa pamzere wa mabenchi kuseri kwa msika wathu. Mayiwa amakazinga mtedza, kukagayitsa, n'kuthira chiponde m'mabotolo a mayonesi otsuka bwino. Chiponde chawo n'chabwino ndithu, chosasakaniza ndi ufa, mchere wake wapakatikati. Geni itayamba kuyenda anapita kwa mnyamata wa kompyuta kuti awapangire lebulo. Mnyamatayu m'kachipinda kamodzi komweko amabena nyimbo, amalemba makalata ofunsira ntchito, amajambula zithunzi za pasipoti ndiponso amatchaja mafoni. Dzina sanavutike nalo: Chisomo, monga magolosale, masaluni ndi zigayo zosawerengeka m'dziko muno. Pamwamba pa dzinalo mnyamata anaikapo kamwana kachizungu ka masaya onenepa kakuseka, kamene anakatola pa Google. Pansi pake nambala ya foni ya mayiwo.

Zinthu zinkayenda mpaka foni itayamba kulira usiku. Wina akudandaula kuti chiponde chili ndi mchenga. Wina akuti chikununkha palafini. Bambo wina anafika ponena kuti dzino lake lagweruka, ndipo akufuna ndalama ya kuchipatala. Mayi anadabwa, poti anthu onsewo sanawagulitsepo. Atafufuza anapeza kuti benchi yachitatu kuchokera pa yawo yayambanso kugulitsa Chisomo. Kamwana komweko, masaya omwewo, mtundu wa zilembo womwewo. Mnzawoyo anakopera mokhulupirika kwambiri moti ngakhale nambala ya foni sanaisinthe. Ndalama zinkalowa ku benchi yachitatu, madandaulo ankapita ku benchi yoyamba.

Musaganize kuti anapita kukamufunsa. Kwathu kuno nkhani siyamba choncho, makamaka ngati nonse muli banki m'khonde imodzi. Imayamba ndi moni. "Mwadzuka bwanji asisi, nanga ana?" anasanduka "Mwadzuka?" kenako anasanduka kugwedeza mutu. Sabata yachiwiri mayi wa benchi yoyamba anayamba kuimba nyimbo za kwaya posesa, zosankha bwino, zonse zonena za adani. Wa benchi yachitatu anayankha pa sitetasi ya WhatsApp kuti madalitso a wina sangatsekedwe ndi nsanje ya munthu. Msika wonse unawerenga, unamvetsa, n'kumagula mbali zonse ziwiri kuti umve zambiri. Pomaliza nkhani inakafika kwa a tcheyamani a msika.

Bwalo linakhala masana pansi pa shedi ya tomato. A tcheya anakhala pa kireti ya Fanta atavala jekete la mizere inayi lolembedwa Adibas. Anthu anasiya mabenchi kudzamvera, ngakhale wa tchipisi anazimitsa chiwaya.

"Inu mayi, mukuti dzinali ndi lanu?"

"Ndi langa, a tcheya. Ndinayamba ndine. Aliyense pano ndi mboni."

"Nanga inu?"

"A tcheya, chisomo n'cha Mulungu. Munthu angatseke chisomo m'botolo n'kumati n'changa ndekha? Ndiye tonse tisiye kupemphera?"

Anthu anaombera m'manja, poti pa zauzimu anawina. Anaitana mnyamata wa kompyuta. Iye anafika fulashi ili m'khosi, n'kufotokoza mosatekeseka kuti mayi achiwiriwo anabwera ndi botolo m'manja n'kunena kuti akufuna "ngati iyi." Fayilo inali kale m'kompyuta, ndiye akanavutikiranji? Za nambala anapepesa, magetsi anathima asanaisinthe. Atamufunsa ngati sanaone cholakwika, anayankha kuti iye sasankha kasitomala, ndipo lebulo yomweyo anaipanganso kwa bambo wina wa uchi ku Chirimba.

Apa m'pamene mphwake wa mayi odandaulawo anapempha kuyankhula. Mnyamatayu akuphunzira zamalamulo ku Zomba, anali pa holide, ndipo anali atadikira mwayi woterewu kuyambira chaka choyamba.

Anayamba ndi kuwakhumudwitsa azakhali ake omwe. Iwo anali atatulutsa pepala la m'pulasitiki losonyeza kuti bizinesi yawo analembetsa. "Azakhali, pepala ilo likungonena kuti bizinesi yanu boma likuidziwa. Silikupatsani dzina la pa botolo. Chizindikiro cha malonda chimalembetsedwa pachokha ku ofesi ya boma, motsatira lamulo la 2018 limene linalowa m'malo mwa lakale la 1957. Mumanena mtundu wa katundu amene mukufuna chizindikirocho chiteteze, amafufuza ngati wina sanakutsogolereni, amalengeza kuti wotsutsa atsutse, kenako amakupatsani zaka 10. Zikatha mumakawonjezera." Anapitiriza kuti mawu ongofotokoza katundu, monga kulemba kuti chiponde chokoma, salembetsedwa, chifukwa aliyense wogulitsa chiponde ali ndi ufulu wonama chimodzimodzi. Wofuna kuti dzina lake litetezedwenso m'maiko ena a mu Africa muno atha kudzera ku ARIPO, yomwe likulu lake lili ku Harare. Apo azakhali anamudula, nati chiponde chawo sichinafikebe ngakhale ku Lunzu.

"Ndiye kuti ndilibe mlandu?" anafunsa mayi a benchi yachitatu, nkhope ikuwala.

"Muli nawo, mayi. Ngakhale dzina lisanalembetsedwe, simuloledwa kugulitsa katundu wanu mopusitsa anthu kuti ayese ndi wa mnzanu. Kungoti kukatsimikiza zimenezo ku khoti kumafuna loya, ndipo loya sadya chiponde."

Mayi odandaulawo anafunsa za kaphikidwe. Mchere wapakatikati uja anauyesa okha kwa miyezi, ndipo akukayikira kuti mwana wa mnzawoyo ankasuzumira pa mpanda. Mphwawo anapukusa mutu. Lamulo la umwini wa luso limateteza zimene munthu walemba, wajambula kapena wapeka, osati nzeru ya kachitidwe ka chinthu. Mandasi, zitumbuwa, chigumu, aliyense aphike. Chinsinsi cha m'khitchini chimatetezedwa ndi chitseko.

"Koma lebulo ndi yanga!"

"Kamwanako mumakadziwa, azakhali?"

Kunali zii. Anafotokoza kuti chithunzi chikakhala pa intaneti sikuti chilibe mwini. Alipo amene anachijambula, ndipo umwini wake unayamba tsiku lomwe anachijambulalo, popanda kulembetsa kulikonse. Dziko lathu linalowa m'pangano la Berne mu 1991, choncho wojambula wa kunja amatetezedwa kuno monga wathu amatetezedwera kwawoko. Mwachidule, amayi awiriwa ankalimbirana mwana wa eni. A tcheya anafunsa ngati makolo a mwanayo angabwere kudzatenga gawo la phindu. Atamva kuti n'zokayikitsa, anapumira m'mwamba n'kulamula kuti mfundo imeneyo isalembedwe.

Nkhani ikanathera pomwepo, koma mawu oti umwini anadzutsa woimba wathu. Dera lililonse lili naye: magalasi akuda ngakhale kukuchita mitambo, nyimbo zitatu, ndi mbiri yoti akupita ku Joni mwezi wamawa. Analoza mnyamata wa kompyuta, nati ameneyu ndiye mfiti yeniyeni. Nyimbo imene iye anagulitsira njinga kuti akajambule ku situdiyo, mnyamatayu amaithira m'memori kadi pamodzi ndi zina mazanamazana pa mtengo wosakwana mbale ya nsima. Anakumbutsa anthu masiku a makaseti, pamene woimba ankanyamula nyimbo zake kupita nazo kwa O.G. Issa ku Limbe n'kubwerako ndi ndalama yooneka. Apa ndinamumvera chisoni, chifukwa ankanena zoona. Mnyamata wa kompyuta anati iye akumutchukitsa, ndipo woimbayo amayenera kumuthokoza. Yankho limeneli ndi lakale kwambiri m'tauni muno, ndipo amalipereka ndi anthu amene sanayesepo kulipira lendi ndi kutchuka.

Wa zamalamulo anagwirizana ndi woimba. Anati lamulo la umwini wa luso la 2016 lilipo, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ntchito yake ndi yomweyo: kutolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo za eni pa malonda, monga mawayilesi, mahotela ndi malo omwera, n'kugawira eni ake. Palinso kandalama kamene kamadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo zikamalowa m'dziko, kamene kamakathera kwa aluso omwewo. Koma kuti ulandire uyenera kukalembetsa nyimbo zako kumeneko. Woimba wathu anavomera kuti sanapiteko, akudikira atchuke kaye.

Mwini bala wa pakona, amene anabwera kudzangoonerera, anamva kutentha. "Iwe mphwanga, sipika ndinagula ndekha, magetsi ndimalipira ndekha, fulashi ndi yanga. Ndilipirenso chiyani?" Anamuuza kuti anagula sipika, sanagule nyimbo, ndipo ayese tsiku limodzi kugulitsa mowa kuli chete aone ngati anthu angakhale mpaka 10 koloko. Iye anati ambiri amene amawaika ndi omwalira kale, ndiye akulakwira ndani? Wa zamalamulo anawerenga pa zala. Umwini umakhalapo moyo wonse wa mwini luso ndi zaka zina 50 atamwalira. Evison Matafale anatisiya mu 2001, ndiye nyimbo zake zili ndi eni mpaka 2051. Lucius Banda anamwalira mu 2024, werengani nokha mufika 2074. Ngakhale Daniel Kachamba, amene anapita mu 1987, zake sizinamasuke mpaka 2037. Mwini bala anati pofika nthawi imeneyo iye adzakhala atapita kukawapepesa pamaso.

Woimba anali akumwetulira mpaka pamene mayi wina wa masamba anafunsa mwaulemu kuti, kodi kolasi ya nyimbo yake yotchuka ija si ija amaimba anamkungwi kumudzi? Nanga ng'oma zake si za nyimbo ina ya amapiano ya ku South Africa? Woimba anavula magalasi koyamba chaka chino. Anati nyimbo za makolo zilibe mwini. Wa zamalamulo, amene tsopano sankasiya munthu, anati lamulo lathu linaika umwini wa nyimbo, nthano ndi magule a makolo m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo umenewo sutha. Kuimba pa chinamwali kapena pa ukwati wa kumudzi palibe vuto, koma kukazigulitsa ndi nkhani ina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: woimba anakhala pansi pafupi ndi mnyamata wa kompyuta, n'kubwerekana machesi.

Panthawiyi bwalo linali litasokonekera, aliyense akuloza mnzake. Telala anadandaula kuti sitayilo yake ya manja otukumuka yadzaza tchalitchi chonse, pomwe iye mwini amasokerera tizizindikiro ta Nike pa mayunifolomu a sukulu ya mkaka. Wojambula zithunzi pa maukwati, uja amabwera osaitanidwa n'kuyala zithunzi zanu pansi pakhomo la holo, anati anthu masiku ano amangozijambula ndi foni n'kumapita osagula. Mlakatuli wina anati ndakatulo yake ya maliro inazungulira pa WhatsApp mpaka inabwerera kwa iye itasainidwa ndi mlamu wake. Wogulitsa majezi a Bullets ndi Wanderers osadziwika kochokera anangoti phee, n'kumasuntha chikwama chake pang'onopang'ono kulowera kuseri kwa matumba a makala. Kenako foni ya a tcheya inalira, nyimbo yake ya woimba wathu yemweyo, ndipo onse anadziwa kumene anaibenetsa.

A tcheya anaimirira, nakonza jekete lawo la mizere inayi, n'kugamula. Choyamba, nambala ya foni isinthidwe lero lomwe. Chachiwiri, popeza onse ndi a banki m'khonde imodzi ndipo ngongole ya mwezi uno sinabwezedwe, palibe amene achoke pa mzere. Mayi oyamba alembe Chisomo Weniweni, achiwiri alembe Chisomo Original. Kamwana kachizungu katsale kwa oyamba, achiwiri apeze kamwana kena. Mnyamata wa kompyuta ananena pomwepo kuti ali nato tambiri, ena ovala zipewa. Chindapusa chinali botolo limodzi mbali iliyonse, loperekedwa kwa a tcheya kuti akaunike umboni kunyumba.

Wa zamalamulo anayesa kunena kuti chigamulocho sichikugwirizana ndi ndime iliyonse ya lamulo. Azakhali ake anamuuza kuti akhale chete pamaso pa akuluakulu, ndipo akafuna kuthandiza akatenge mtedza ku chigayo.

Ofesi yolembetsa zizindikiro ili mu Blantyre momwemuno, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera pa msika wathu. Mwa amayi awiriwo palibe amene wapitako, aliyense akuti ndalama yake ndi bwino aonjezere thumba la mtedza. Pakali pano kumapeto kwa mzere kwatsegulidwa benchi ina, ya mkazi wa a tcheya, ndipo ikugulitsa New Chisomo. Mukagula botolo la kumeneko mukapeza mchenga, musavutike kuimba nambala ili pa lebuloyo. Ndi ya bambo wa uchi wa ku Chirimba uja.