Mdima Umene Unapulumutsa Sitima

Pa 27 June 2017, pulogalamu yowononga ya NotPetya inalowa m'makompyuta a Maersk, kampani ya ku Denmark yonyamula katundu panyanja. Kampaniyi inali ndi ma domain controller pafupifupi 150. Amenewa ndi makompyuta osunga mayina ndi mapasiwedi a antchito onse. Akafa, ngakhale bwana wamkulu amangogogoda pakhomo.

Makonzedwe ake anali anzeru zedi. Kompyuta iliyonse inkakopera zonse kwa inzake, kuti imodzi ikafa zina zigwire ntchito. Nanga kusunga kope lina padera n'kwachiyani, abale ali 150? Tsono matenda atabwera, anagawananso mwachikondi chomwecho. Pafupifupi onse anagona tsiku limodzi.

Anapulumuka mmodzi yekha, ku ofesi ya ku Ghana. Ine ndinkayesa kuti kumeneko kunali katswiri woopsa. Ayi ndithu: magetsi anali atathima, kompyutayo n'kukhala kunja kwa netiweki pamene inzake inkafufutika. Popeza antchito akumeneko analibe viza ya ku Britain, komwe zomwe zinali m'kompyutayo zinkafunika, wina anauluka ndi hard drive yake mpaka ku Nigeria, n'kupatsira mnzake wopita ku London. Kampaniyo inatayabe madola pafupifupi 300 miliyoni.

Masiku ano akatswiri amalangiza kuti kope limodzi lizikhala losalumikizidwa ku chilichonse, ndipo uphungu umenewu amalipiritsa bwino. Kuno timaulandira ulere, nthawi zina tsiku lathunthu. Choncho magetsi akathima madzulo ano tisadandaule: tonse tili pa chitetezo chapamwamba, kwangotsala kupeza choti titeteze.